Mukalephera phunziro limodzi ku koleji, GPA imatsika ndi zingati?

Zotsatira za mayeso zikatuluka, m'makomo ena a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Mabvuku mumafika chithunzi pa WhatsApp. Mwana wajambula tsamba la zotsatira zake, ndipo pakati pa ma B pakhala F imodzi. M'munsi mwake muli GPA, nambala yosonyeza avereji ya zilembo zonse zimene wapeza, yakuti 2.40, pomwe kalata ya amene amamulipirira fizi inanena kuti asatsike pa 3.0. Mayi kapena malume amene wagwira foniyo amafuna kudziwa ngati sukulu yathera pomwepo. Nthawi zambiri imakhala isanathe, koma kukula kwa balalo kumadziwika munthu akatenga pensulo n'kuwerengera, komanso akadziwa lamulo la sukuluyo pa nkhani yobwereza phunziro.

Ana athu a muno mu Harare amakumana ndi mitundu iwiri ya kawerengedwe, ndipo kuisokoneza kumabweretsa mantha osafunika kapena chidaliro chabodza. Ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ngati m'mayunivesite ambiri a boma, amapereka malikisi pa 100, wokhoza amayambira pa 50, ndipo zotsatira zimaikidwa m'magulu a 1, 2.1, 2.2 ndi 3. GPA yothera pa 4.0 ndi kawerengedwe ka ku America. Amakagwiritsanso ntchito ku Africa University ku Mutare, ndipo kamakhudza aliyense amene akuphunzira ndi sukulu ya ku America, kaya ali komweko kaya pa intaneti, ndiponso amene adzafunsire malo a digiri yachiwiri kumeneko. Tiyambe ndi GPA, za malikisi a pa 100 zibwera kutsogoloku.

Chilembo chilichonse chili ndi mtengo wake: A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0. Masukulu ambiri amaikanso timagawo tapakati, monga A- ya 3.7 ndi B+ ya 3.3, koma F ndi ziro kulikonse. Phunziro lililonse lilinso ndi kulemera kwake, komwe amakutchula makirediti. Ku America kirediti imodzi imafanana pafupifupi ndi ola limodzi la m'kalasi pa sabata kwa semesita yonse, phunziro wamba limakhala la makirediti 3, semesita yodzadza imakhala ya 15, ndipo digiri yoyamba imafuna pafupifupi 120. M'Zimbabwe muno, pa ndondomeko ya ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito ya wophunzira, choncho manambala ake amaoneka akuluakulu, koma ntchito yake ndi yomweyo, kusonyeza phunziro lolemera ndi lopepuka.

Kawerengedwe kake ndi aka. Mumachulukitsa mtengo wa chilembo ndi makirediti a phunzirolo, mupeza mapointi. Mumaphatikiza mapointi a maphunziro onse, kenako mumagawa ndi makirediti onse amene munalembetsa. Mawu akuti "munalembetsa" ndi amene ali ndi ululu. Phunziro lolephera siliwonjezera kanthu pa mapointi, koma makirediti ake amakhalabe pa nambala yogawira. Zili ngati munthu amene wabwera chimanjamanja pa chakudya chosonkherana koma mbale yake yawerengedwa pogawa.

Taonani semesita ya maphunziro asanu, lililonse la makirediti 3. Wophunzira wapeza A, B, B, B ndi C. Mapointi ake ndi 12, 9, 9, 9 ndi 6, onse pamodzi 45. Kugawa 45 ndi 15 kukupereka 3.0. Tsopano C uja asanduke F. Mapointi atsala 39, makirediti akadali 15, ndipo GPA yagwera pa 2.6. Akanakhala kuti anapulumukira pa D, mapointi akanakhala 42 ndipo GPA ikanakhala 2.8. Kusiyana kwa D ndi F pano ndi 0.2 chabe, koma D amapatsa makirediti m'masukulu ambiri, pomwe F sapatsa ngakhale imodzi. Chenjezo n'lakuti madipatimenti ena salola D pa maphunziro a pamtima pa digiri, amafuna C kupita m'mwamba.

Kulemera kwa phunziro kumasintha nkhani kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Titenge wophunzira amene ali ndi maphunziro a makirediti 4, 4, 3, 3 ndi 1, ndipo amapeza B paliponse. Akalephera la kirediti imodzi, mwina la mu labu, amatsala ndi mapointi 42 pa 15, GPA 2.8. Akalephera limodzi la makirediti 4, monga masamu kapena chemistry, amatsala ndi 33 pa 15, GPA 2.2. F ndi imodzimodzi pa pepala, koma ina yadya 0.2, ina yadya 0.8. N'chifukwa chake sabata ya mayeso ikapanikiza, nthawi yowerenga iyenera kugawidwa motsatira makirediti. Ophunzira ambiri amaigawa motsatira phunziro limene amalikonda kapena mphunzitsi amene amamuopa.

Pali GPA ya semesita ndi GPA ya zaka zonse, imene amailemba kuti cumulative GPA kapena CGPA. Imene sukulu ndi opereka thandizo la fizi amaiyang'anitsitsa ndi yachiwiriyi. Wa semesita yoyamba amene wapeza ma B anayi ndi F imodzi ali ndi mapointi 36 pa makirediti 15, ndiye 2.40 ija ya pa foni. Mnzake wa chaka chachinayi amene wasonkhanitsa kale makirediti 90 pa 3.0 ali ndi mapointi 270 m'nkhokwe. Akapeza zotsatira zofanana ndendende, ma B anayi ndi F, mapointi ake amakhala 306 pa makirediti 105, ndipo CGPA imangotsika kufika pa 2.91. Woyamba watsika ndi 0.6, wachiwiri ndi 0.09.

Izi zisakupusitseni kuti kulephera mochedwa n'kotsika mtengo. Pa tsiku lomaliza digiri, F ya chaka choyamba ndi F ya chaka chomaliza zimadya mapointi ofanana, chifukwa zonse zimagawidwa ndi makirediti omwewo. Chimene chimasiyana ndi nthawi. F yoyambirira imaoneka yoopsa ndipo ingathe kugwetsa wophunzira pansi pa malire a sukulu nthawi yomweyo, koma imamusiyira masemesita asanu ndi awiri okonzera. F ya kumapeto siigwedeza nambala kwenikweni, koma ingalepheretse munthu kuvala gauni limodzi ndi anzake.

Nanga dzenjelo limakwiririka bwanji? Apa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa polangiza. Amati, "Ungobwerera pa ma B ako aja, zikhala bwino." Ma B okhaokha sangabwezere munthu pa 3.0, ngakhale atawapeza mpaka kumaliza sukulu. B amangomuyandikitsa ku 3.0 koma samufikitsapo. F ya makirediti 3 yasiya ngongole ya mapointi 9, ndipo ngongoleyo imalipidwa ndi zilembo zoposa B zokha. A aliyense wa makirediti 3 amabweza mapointi 3, choncho pafunika ma A atatu. Akamapeza B+ wa 3.3, phunziro lililonse limabweza 0.9 yokha, ndipo pafunika maphunziro 10. Amene wangopitiriza ndi ma B, n'kubwereza lolepheralo n'kupezanso B pa sukulu imene imawerengera maulendo onse awiri, amamaliza ndi mapointi 360 pa makirediti 123, CGPA 2.93. Ngati malo amene akufuna kudzafunsira amadula pa 3.0, ka 0.07 kameneko n'kokwanira kutseka chitseko.

Wa GPA yapamwamba ndi amene amavulala kwambiri. Mtsikana wa 3.6 pa makirediti 30 ali ndi mapointi 108. Tiwonjezere F imodzi ya makirediti 3, tisanawerengere maphunziro ena: 108 kugawa ndi 33 ndi 3.27. Ngati thandizo lake la fizi limafuna 3.5, ayenera kupeza ma A okhaokha pa makirediti 15 otsatira kuti afike pa mapointi 168 pa makirediti 48, amene ndi 3.5 ndendende. Ndi semesita yathunthu yopanda ngakhale B mmodzi. Aliyense angadziwerengere yekha motere: chulukitsani GPA imene mukufuna ndi makirediti onse amene mwalembetsa kufika lero, chotsanipo mapointi amene muli nawo, yotsalayo ndiyo ngongole. Gawani ngongoleyo ndi kusiyana kwa chilembo chimene mungathedi kupeza ndi GPA imene mukufunayo. Kwa mtsikanayu, 3.5 kuchulukitsa ndi 33 ndi 115.5, kuchotsapo 108 kutsala 7.5, kugawa ndi 0.5 kupereka makirediti 15. Powerengera musadzinamize ndi ma A ngati simunawapezepo.

Tsopano lamulo lobwereza phunziro, limene lili ndi mphamvu kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Masukulu ena amawerengera maulendo onse awiri, F ndi chilembo chatsopano. Ena amachotsa F pa kawerengedwe n'kuikapo chatsopanocho. Tibwerere kwa wa 2.40 uja. Semesita yachiwiri wabwereza phunziro lija n'kupeza A, ndipo ena anayi wapeza B, mapointi 48. Onse pamodzi ndi 84. Pa sukulu yowerengera maulendo awiri, 84 agawidwa ndi 30, CGPA 2.80. Pa sukulu yochotsa F, 84 agawidwa ndi 27, CGPA 3.11. Khama ndi limodzimodzi, mapointi ndi omwewo, koma wina wapulumutsa thandizo lake la fizi ndipo wina akadali pansi pa mzere.

Mwayi wochotsa F umakhala ndi zingwe zake. Kawirikawiri umaperekedwa pa maphunziro owerengeka okha pa digiri yonse, nthawi zina umafuna kudzaza fomu musanayambe kubwereza, ndipo phunzirolo liyenera kukhala lomwelo, pa sukulu yomweyo. Amene amakalemba phunziro lofanana nalo pa koleji ina yotchipa amabweretsa makirediti, koma m'masukulu ambiri a ku America chilembo chochokera kwina sichilowa mu GPA, choncho F ija imakhala ikudyabe. Komanso F sifufutidwa pa transcript, chikalata chosonyeza zotsatira za maphunziro onse amene munalemba. Imakhalapo ndi kachizindikiro kosonyeza kuti phunzirolo linabwerezedwa, ndipo amene mukukafunsirako malo ali ndi ufulu wowerengeranso mwa njira yawo. AMCAS, njira yofunsira malo m'masukulu a udokotala ku America, imawerengera maulendo onse ngakhale sukulu yanu inakhululuka.

Malire amene masukulu ambiri a GPA amaika ndi 2.0. Wotsika pamenepo amaikidwa pa probation, kutanthauza kuti wapatsidwa semesita imodzi kapena awiri kuti akwere, apo ayi aimitsidwa kapena kuchotsedwa, kuwidedwa kumene ophunzira a ku Malawi amakuopa kuja. F imodzi pakati pa ma B sifikitsa munthu pamenepo. Ma F awiri pakati pa ma C amamufikitsa. Ma C atatu ndi ma F awiri ndi mapointi 18 pa 15, GPA 1.2. Kuti afike pa 2.0 pakutha pa makirediti 30 afunika mapointi 60, choncho semesita yachiwiri ayenera kupeza 42, amene ndi 2.8. Munthu amene sanapezepo B akufunika ma B anayi ndi C mmodzi. N'zotheka, koma osati kwa amene walembetsanso maphunziro olemera asanu uku akugwira ganyu usiku. Pali muyezo winanso umene umaiwalika: malamulo a thandizo la fizi la boma la America amayang'ana ngati wophunzira akumaliza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makirediti amene walembetsa, ndipo masukulu ena amatengera muyezo womwewo pa thandizo lawo. Wokhoza 9 pa 15 ali pa 60 peresenti, wapereweranso pamenepo.

Zambiri mwa ma F amene amaoneka pa ma transcript zikanapeweka ndi fomu imodzi. Sukulu iliyonse ya GPA imakhala ndi tsiku lomaliza losiyira phunziro mwalamulo. Wosiya tsikulo lisanadutse amalembedwa W, ndipo W salowa mu GPA. Wongosiya kupita m'kalasi osadziwitsa ofesi amalembedwa F, chifukwa m'kaundula akadali wophunzira wa phunzirolo. Ngati pofika pakati pa semesita malikisi akusonyeza kuti ngakhale D ndi wovuta, W ndi wabwino kuposa F, ndipo palibe manyazi pamenepo. Koma amene ali ku America pa visa ya ophunzira ya F-1 asamale: wa digiri yoyamba ayenera kukhala ndi makirediti osachepera 12 pa semesita, ndipo kutsika pamenepo popanda chilolezo cha ofesi yoona za ophunzira akunja kumaika visa pa ngozi. Ayambe wafunsa ofesiyo asanasaine.

Matenda ndi maliro zili ndi njira yakenso. Ife a muno timadziwa kuti zovuta zikagwa kumudzi ku Mangochi, Dedza kapena Mulanje, ulendo wodzera pa Nyamapanda ndi Tete, kupita ndi kubwera, umadya sabata yathunthu, ndipo mwana wamkulu sangakane kuperekeza mayi ake. Sukulu sizilota zimenezi. Pamafunika kalata yopita ku dipatimenti musananyamuke kapena mkati mwa masiku amene malamulo atchula, pamodzi ndi umboni: kalata ya dokotala, kapena kope la chikalata cha imfa. Mukatero mumapatsidwa mayeso apadera kapena chilembo I, chosonyeza kuti ntchito sinathe. I nayenso ali ndi tsiku lake lothera, ndipo m'masukulu ambiri likadutsa ntchito isanaperekedwe amasanduka F yekha, popanda wokukumbutsani.

Tibwere ku malikisi a pa 100, kumene kuli ana ambiri a mu Harare. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti kuno kulephera kuli ndi misinkhu. Pa GPA, wolephera pang'ono ndi wolephereratu onse amalandira ziro. Pa malikisi, nambala yeniyeniyo ndi imene imalowa mu avereji. Maphunziro asanu olemera mofanana: 68, 66, 70, 65 ndi lachisanu. Lachisanulo likakhala 66, avereji ndi 67. Likakhala 45, avereji ndi 62.8. Likakhala 20, ndi 57.8. Ngati pa sukulu yanu 2.1 imayambira pa 65 ndipo 2.2 pa 60, phunziro limodzi lomweli lingakutsitseni gulu limodzi kapena awiri, malinga ndi mmene mwagwera. Choncho ngakhale pepala litakuvutani chotani, kutuluka m'chipinda cha mayeso patangotha theka la ola ndi kutaya malikisi amene akanakuthandizani. Lembani chilichonse chimene mukudziwa pa funso lililonse.

Chifukwa china cholimbikira mpaka belu ndi mayeso a supplementary, amene ophunzira amangowatchula kuti sapu. Kumene amaperekedwa, amakhala a amene aperewera pang'ono pa 50, ndipo wogwera pansi kwambiri amauzidwa kubwereza phunziro lonse. Masukulu ambiri amalemba 50 yokha kwa wokhoza sapu ngakhale atapeza 80. Pa chitsanzo chathu chija, avereji imangokwera kuchoka pa 62.8 kufika pa 63.8. Sapu imapulumutsa chaka, siibweza gulu la digiri. Ndipo pali madigiri amene powerengera gulu lomaliza amapatsa zaka zakumapeto kulemera kochuluka kuposa chaka choyamba. Kumeneko kulephera mochedwa ndi kumene kumapweteka kwambiri, mosiyana ndi GPA imene imaona zaka zonse mofanana.

Kulephera kwambiri kumayambira pa coursework, ma asayimenti ndi mayeso a mkati mwa semesita, miyezi iwiri mayeso asanafike. Tiyerekeze phunziro limene coursework imatenga 30 ndipo mayeso amatenga 70. Wopeza 70 peresenti pa coursework walowa m'mayeso ndi malikisi 21, akufunika 29 pa 70, pafupifupi 41 peresenti ya pepala. Wopeza 30 peresenti, mwina chifukwa asayimenti imodzi sanapereke, walowa ndi 9, akufunika 41 pa 70, pafupifupi 59 peresenti. Magawidwewa amasiyana pa dipatimenti iliyonse, ndipo ena amafuna kuti mayesowo akhozedwe paokha, koma amalembedwa pa kapepala ka ndondomeko ya phunziro kamene kamaperekedwa sabata yoyamba.

Mtengo wina wa kulephera suoneka pa GPA kapena pa avereji. Maphunziro ena ndi makwerero: sungalembetse lachiwiri usanakhoze loyamba. Ngati loyambalo limaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, F imodzi ingakankhe mzere wonse ndi miyezi 12. Kwa banja la ku Dzivarasekwa kapena Tafara, chimenecho ndi chaka china cha fizi, renti ya chipinda pafupi ndi sukulu kapena ndalama ya kombi tsiku ndi tsiku. Amene waloledwa kupitirira atasenza phunziro lolephera, chimene amati carry, amakhala ndi maphunziro asanu ndi limodzi m'malo mwa asanu, ndipo nthawi zina ola la phunziro lakalelo limagundana ndi la latsopano. Kusenza kuli ndi malire ake, opitirira malirewo amabwereza chaka.

F ikatuluka, choyamba n'kutsimikiza kuti ndi yoona. Zimachitika kuti malikisi a coursework sanalowetsedwe mu kompyuta, kapena alembedwa pa nambala ya wophunzira wina. Amene anasunga ma asayimenti ake ochongedwa ndi mayeso a pakati pa semesita amakonzetsa zimenezi mosavuta, amene anataya alibe pogwira. Nthawi yodandaula kapena yopempha kuti pepala lichongedwenso imakhala yaifupi, imawerengedwa kuyambira tsiku limene zotsatira zatuluka, ndipo kawirikawiri pamakhala ndalama yolipira. Ngati F ndi yoona, pitani kwa mlangizi wa maphunziro kapena ku ofesi ya dipatimenti mutanyamula transcript ndi kalata ya amene amakulipirirani fizi. Mufunse ngati chilembo chatsopano chimachotsa F kapena zonse zimawerengedwa, ngati malikisi obwereza amadulidwa pa 50, phunzirolo lidzaphunzitsidwanso liti, ndi maphunziro ati amene atsekeka chifukwa cha ilo. Pa kalata ya fizi muone ngati akunena GPA ya semesita kapena CGPA, komanso ngati amaunika pa semesita kapena pa chaka. Wa 2.40 uja, ngati amamuunika pakutha pa chaka ndipo sukulu yake imachotsa F, ayenera kulembetsa phunzirolo semesita yotsatira yomweyo, chifukwa akalichedwetsa, tsiku lounika lidzamupeza makirediti atatu aja akadali pa nambala yogawira.